Tsiku Limene Ndinakana Kusiya Dzanja la Abambo

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano?

Ndine Filomena, Mena wanu uja munkati anabadwa pakamwa pali potsegula kale. Kuno tili bwino. Kalata ya chaka chatha ija ndinailemba ndikulira, ndipo ndikudziwa kuti inakutopetsani, paja inu munthu wolira nthawi yaitali munkamufunsa ngati misozi imaphika ndiwo. Ya leroyi ndi ina. Ndili ndi nkhani yokoma, moti ndikulemba ndikumwetulira ndekha, koma mundilole ndiyambe kaye ndi za pakhomo.

Mvula yoyamba yagwa sabata yatha, ndipo kwathu ku Kabudula anthu ali kalikiliki kubzala. Chimanga cha chaka chino chinachita bwino kumunda wa kumunsi kuja, koma cha kumtunda chinapserera ndi ng'amba. Mtedza ndiye unatichotsa manyazi, tinathothola mpaka zala kutupa. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa ana awiri, ndipo khalidwe lake silinasinthe, ikadali kuba m'dimba mwa eni. Denga la khitchini linasasuka ndi kamvuluvulu mu Okutobala. Yohane wafolera bwino ngakhale anachedwa, mukumudziwa mwana wanu, ntchito ya tsiku limodzi amayamba wanola chikwanje masiku atatu. Panopa mvula sikulowanso.

Akazi ake a Yohane, a Nachisale, anatipatsa mwana wamkazi m'nyengo yozizira. Tinamutcha Rozina, dzina lanu. Chipumi ndi chanu ndithu, ndipo akalira a kutsidya kwa dambo amadziwa kuti wadzuka. Kwanga ana ali bwino, wamkulu uja wanditalika kale, ndipo bambo awo akuti ndikupatseni moni. Ine ndikadali namwino pa chipatala chaching'ono chija cha kuseri kwa Nsaru. Yunifolomu ija munkanyadira inandithina, ndinasoketsa ina.

Tsopano nkhani ya amuna anu.

Mu Malichi, fodya ali pakati pothyoledwa, a Nachisale anandiimbira foni. Anati abambo anali m'chigafa akusoka fodya, kenaka singano inawapulumuka m'manja. Atafuna kuitola dzanja lamanja linakana, ndipo atati aitane Yohane mawu anatuluka opotoka ngati a munthu woledzera, chikhalirecho mowa anasiya inu mukadali moyo. Sipanathe nthawi yowiritsa tiyi, zonse zinabwerera m'malo mwake. Iwo anati inali njala chabe, anamwa thobwa n'kupitiriza kusoka. Ine tsiku limenelo ndinali ndi amayi oyembekezera odzaza benchi mpaka panja. Ndinayankha kuti awapatse asipilini, apume, ndidzawaona mwezi ukatha. Namwino wathunthu, Amayi, kuyankha choncho. Pakadafunda padajiwitsa galu, munkatero inu tikamazengereza, koma mawu amenewo tsiku limenelo sanandifike m'mutu. Ndinaika foni m'thumba n'kuitana wotsatira pa mzere.

Patapita masabata awiri anandisankha kupita ku maphunziro a masiku atatu ku chipatala cha mishoni ku Namitete. Ife anamwino sitimaliza sukulu. Tili ndi kabuku kamene amatisainira nthawi iliyonse tikaphunzira chatsopano, ndipo kakapanda kudzaza chiphaso cha ntchito satikonzeranso. Ndisaname, ine ndinapitira siginecha ndi tiyi wa mkaka. Mutu wa maphunzirowo unali matenda a mtima wogunda mosokonekera ndi kapewedwe ka sitiroko. Ndinati amenewo ndi matenda a mabwana a m'tauni, kwathu kuno timadwala malungo ndi msana. Ndinasankha mpando wa kumbuyo, pafupi ndi zenera, pamene munthu angasinze osaonedwa.

Wotiphunzitsa anali dokotala wachizimayi, wamfupi, wa imvi mbuu, woyankhula Chichewa cha konkuno. Tinkadikira kuti ayatse makina oonetsa zithunzi pakhoma, koma iwo anangoti, "Aliyense agwire mkono wa mnzake." Tinaseka. Kugwira mtsempha wa pamkono tinaphunzira chaka choyamba ku sukulu, ndipo chibwerereni makina oyezera bipi a mabatire aja, ambiri tinasiya. Umangokulunga lamba pamkono, kudina batani, n'kukopera manambala m'buku la wodwala. Iwo anati, "Zala zitatu, mphindi yathunthu, pakamwa potseka. Musangowerenga, mumvetsere ngati mtimawo ukuyenda bwino kapena ukupunthwa." Mphindi imodzi ndi yaitali, Amayi, makamaka kwa ine. Kenaka analowetsa agogo ena a mu wodi amene anavomera kutithandiza, ndipo tinawagwira mkono mmodzimmodzi. Mtsempha wawo unkagunda kawiri mofulumira, kuima, kugunda kamodzi mwamphamvu, kenaka katatu mofooka. Ndinayesetsa kupeza ndondomeko yake, koma inalibe.

Adokotalawo anafotokoza mosavuta moti inunso mukanamva. Mtima uli ndi zipinda zinayi. Ziwiri za pamwamba zimayenera kufinya magazi kuti atsikire m'munsi, koma pa matendawa zimangonjenjemera osafinya. Magazi akachedwa pakona amaundana, monga amachitira a nkhuku m'mbale. Tsiku lina kachidutswa kamathothoka, kuyenda ndi mtsempha mpaka ku ubongo, n'kutseka njira. Ndiye sitiroko imeneyo, mkono kufa, kamwa kupotoka, mawu kusowa. Anati munthu akhoza kukhala nawo matendawa zaka osamva kalikonse, koma akakhala wachikulire, kapena wa bipi, kapena wa shuga, ngozi imakula. Anatinso munthu amene dzanja linamufera kanthawi kochepa n'kubwerera, ameneyo wachenjezedwa kale, sitiroko yaikulu ikhoza kukhala ili pakhomo. Ndipo asipilini pa matenda amenewa sakwanira, pamafunika mankhwala oletsa magazi kuundana. Tulo tonse tinabalalika. Ndinayamba kuganiza za singano ija ya m'chigafa, komabe ndinkadzilimbitsa mtima kuti mwina inalidi njala.

Chachikulu chinabwera m'mawa wa tsiku lachiwiri. Adokotala ananyamula makina a bipi n'kufunsa kuti, "Akakana kuwerenga, n'kulemba chilembo chija cha E, mumatani?" Tonse tinayankha pamodzi kuti timasintha mabatire. Iwo sanaseke. Anati nthawi zina ndi mabatire ndithu, kapena lamba womangidwa molakwika. Koma makina akamakana munthu mmodzi yemweyo kawirikawiri, ena onse akuwawerenga bwinobwino, mwina asokonezeka ndi kagundidwe ka mtima wake. Pamenepo, anatero, muike makina pansi, mugwire mkono.

Amayi, mukukumbukira? Chaka chanu chomaliza ndinkabwera nawo makina anga kumudzi m'kachikwama kabuluu. Makinawo abambo ankawawerenga bwino, Yohanenso ankamuwerenga, koma akafika pa inu ankalira pang'ono n'kulemba E. Inu munkaseka, mumvekere, "Ngakhale makina a azungu akundiopa." Munandiuza kangapo kuti mtima wanu umathamanga ngati mbuzi yodula chingwe, kenaka n'kuima. Ine ndinkati ndi maganizo, n'kukagula mabatire atsopano pa Nsaru. Inu amene munkasankha fodya ndi zala, n'kumatiuza kuti tsamba limanamiza diso koma silinamiza dzanja, munabereka namwino amene sanakugwireni mkono ngakhale kamodzi. M'mawa uja munagwa pa mjigo ndowa ili pamutu, ndipo masiku ochepa amene munakhala nawo pambuyo pake simunathenso kutchula dzina la aliyense wa ife. Zonsezi zinandibwerera ndili pa mpando wanga wa kumbuyo uja. Ndinatuluka m'kalasi n'kukalira kuseri kwa thanki ya madzi.

Adokotala aja anandipeza komweko pa nthawi ya tiyi. Ndinawauza zonse, za inu ndi za singano ya abambo. Sanandinamize kuti ndinalibe cholakwa, komanso sanandiweruze. Anati, "Za amayi anu palibe angadziwe tsopano, mwina anali matendawa, mwina ayi. Koma abambo anu ali moyo. Nanga mukutani kuseri kwa thanki?" Ndinati maphunziro sanathe, ndipo kabuku kanga sikanasainidwe. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Kabuku sikadwala sitiroko, mwanangu. Pitani mukawatenge." Ndinasiya chikwama changa cha zovala kwa mnzanga, n'kukwera njinga yamoto ya kabaza pa siteji.

Tinadutsa njira zachidule za m'minda, matope mpaka m'mawondo, ndipo m'njira monsemo ndinkalimbana ndi chinthu chimodzi. Abambo mukuwadziwa. Chitherereni msinkhu sindinawakhudzepo kupatula moni wa m'manja. Ngakhale lamba wa makina uja ankawamanga ndi Yohane, ine ndili chapatali kumuuza zochita. Munandilangiza ndinu nomwe kuti mwana wamkazi akakula, thupi la bambo wake amaliyenda patali. Ndikanati, "Bweretsani mkono ndiyeze," akanandiuza kuti sakudwala, nkhani n'kuthera pomwepo. Yohane sakanandithandiza, zala zake zinauma ndi khasu, sizingasiyanitse mtsempha ndi chingwe. Koma m'mphechepeche mwa njovu sapitamo kawiri. Pofika pa mlatho wa kwathu uja ndinali nditapeza nzeru.

Ndinawapeza pa kampando kawo pakhomo pa chigafa, akusoka, dzuwa litapendeka. Ndinagwada monga mwa masiku onse n'kupereka dzanja. Atalilandira, dzanja langa lamanzere, lija mwaulemu limagwirizira mkono wanga womwe, ndinalisendeza patsogolo pang'ono n'kuika zala zitatu pa mtsempha wawo. Ndiye ndinayamba moni. Adokotala anati pakamwa potseka, koma apa pakamwa panga ndi pamene panandipulumutsa. Ndinafunsa za thupi, za fodya, za mbuzi, za denga la tchalitchi, za tcheni cha njinga yawo, mpaka za galu wa a neba amene anafa kalekale. Iwo ankayankha akukoka dzanja pang'onopang'ono, ine osasiya. Pomaliza anandiitana ndi mfunda wanga nati, "Nambewe, kodi moni ameneyu ngwa ku Namitete? Dzanja langali ndikulifuna, ndili pa ntchito." Sindinathe kuseka. Pansi pa zala zanga mtsempha wawo unkapunthwa chimodzimodzi wa agogo a mu wodi aja.

Ndinawauza chimene ndapeza. Anati iwo ali bwinobwino, dzulo lomwe anapalasa njinga mpaka ku Nambuma n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Apa ndinakumbukira kuti munthu amene ndikulimbana nayeyu waimba ng'oma m'kwaya ya tchalitchi zaka zambiri kuposa zanga zobadwa. Ndinaitana Yohane, n'kuwalozera abambo poika zala pa mkono wake. "Tamverani ng'oma iyi," ndinatero. Anatseka maso, mutu n'kumagwedezeka motsatira. Anati, "Uyu akuimba bwino, ngakhale mwini wake ngwaulesi." Kenaka ndinati aike zala zomwezo pa mkono wawo. Anatsekanso maso. Ndinaona phazi lawo likufuna kuponda motsatira, n'kulephera, kuyesanso, n'kulepheranso. Atatsegula maso anati, "Woimba ng'oma uyu ndikadamuchotsa m'kwaya tsiku lomwelo." Yohane anaseka, koma ataona nkhope yanga analeka.

Ndinkayesa ndapambana, koma ayi. Anati amva, adzapita ku chipatala akatha kusoka, chifukwa tsamba lothyola silidikira munthu, likagonera pa mulu limapsa. Masabata atatu okha, anatero. Ndikadali chigwadire, ndinawauza zimene ndakuuzani inuzi, za makina, za mabatire, za mkono wanu umene sindinaugwire. Ndinati, "Abambo, amayi ndinawataya makina ali m'manja mwanga. Inu ndakugwirani ndi dzanja langa, sindikusiyani." Anayang'ana kumbali, cha ku nkhokwe. Patapita nthawi anayankhula motsitsa mawu, "Mtima wa amako nanenso ndinkaumva ukudumphadumpha. Ndinkati ndi ukalamba." Kenaka anabaya singano pa mzati wa chigafa, n'kuuza Yohane kuti awauze a Nachisale awasitire jekete la ku tchalitchi.

M'mawa mwake tinali pa Namitete anzanga asanayambe kalasi. Adokotala anapempha abambo ngati angalole kuti ophunzira aone nawo, ndipo iwo anavomera mosanyinyirika, paja amakonda gulu. Anawamata timawaya pachifuwa, ine ndili kunja kwa katani monga mwana wolangizidwa, ndipo makina anatulutsa pepala lalitali la mizere. Kugunda kwina kunali pafupi ndi kunzake, kwina kutali, ndipo kachitunda kakang'ono kamene kamayenera kutsogolera kugunda kulikonse kunalibe. Adokotala analikweza pepalalo m'mwamba n'kuuza kalasi yonse kuti, "Izi mnzanuyu wazipeza ndi zala, kumudzi, popanda magetsi." Anzanga anaomba m'manja, wina mpaka nthungululu. Amayi, ndinanyada. Ndikunena mosabisa, ndinanyada kuposa tsiku lija munabwera mutavala chitenje chatsopano kudzandiona ndikumaliza sukulu ya unamwino. Kabuku kaja anandisainira masiku onse atatu.

Fodya uja sanapse. A mphakati wathu wa ku tchalitchi atamva kuti abambo ali ku chipatala anabwera ndi singano zawo, amuna ndi amayi omwe, n'kusoka yense tsiku limodzi. Abambo atabwerako anayendera chigafa chonse akufunafuna cholakwika, ndipo anapeza mikangala iwiri yokha imene fodya anathinanapo, mtima wawo n'kukhala pansi.

Ku Namitete anatitumiza kaye m'tauni kukajambulitsa mutu, kuti atsimikize kuti mulibe magazi otayikira mu ubongo. Atapeza kuti mulibe anawayambitsa mankhwala. Ena ndi ochepetsa liwiro la mtima, ena ndi a bipi, koma mwini nkhani ndi kapiritsi kakang'ono kotchedwa wafarini, koletsa magazi kuundana. Kameneka n'kaukali. Kakachepa sikateteza, kakachuluka munthu amatuluka magazi osaleka, ndiye amayenera kumayezetsa magazi pafupipafupi kuti aone ngati mlingo uli bwino. Malamulo ake ndinawalemba pa katoni n'kukhoma pa chitseko. Osadumphitsa tsiku, osamwa bufeni kapena asipilini wa pa golosale, osamwa zitsamba, osatemera mphini. Lomalizali ndinalembera azakhali, alongo awo a abambo, amene anali atafika kale ndi lezala latsopano kuti awateme pachifuwa. Ndinawalandira bwino azakhali, ndinawaphera nkhuku, ndinawafotokozera kuti pa mankhwala amenewa kabala kakang'ono kakhoza kukhala nkhani yaikulu. Anang'ung'udza, koma lezala anandipatsa ndisunge.

Cholakwa chimodzi tinachita, ndipo mukanakhalapo mukanatiseka sabata yathunthu. Ndinauza a Nachisale mothamanga kuti masamba obiriwira amachepetsa mphamvu ya mankhwalawa, osafotokoza bwino. Iwo, pofuna kusamala apongozi awo, anachotsa masamba onse. Nkhwani ayi, bonongwe ayi, chisoso ayi, ndi mfutso womwe anaubisa. Abambo anadya nyemba ndi matemba masabata awiri, ndipo nkhama zinayamba kutuluka magazi akamatsuka mkamwa. Atakayezetsa anapeza kuti mankhwala akugwira mopitirira muyeso. Ndinachita mantha, koma ulendo uno sindinakabisale kuseri kwa thanki. Ndinatsegula notsi za maphunziro aja, ndinaimbira adokotala, ndipo tinapeza pamene panakhota. Lamulo silinali loti asiye masamba, koma loti azidya mofanana masiku onse, osati lero mphika wonse mawa osalawa. Anawakonzera mlingo, masamba anabwerera, ndipo magazi anakhazikika mpaka lero. Abambo amauza aliyense kuti pa matenda onsewa chimene chinatsala pang'ono kuwapha ndi kusowa nkhwani wotendera. A Nachisale akamva amangophimba nkhope ndi chitenje.

Maphunziro aja sanathere pa Namitete. Adokotala anatitsegulira gulu la pa foni, ndipo amatitumizira zithunzi za mapepala a mtima kuti tinene chimene tikuona. Ndimalakwitsa ena, ena ndimakhoza, koma sindikhalanso kumbuyo. Safunsa anadya phula, munkatero, ndiye ine ndimafunsa mpaka anzanga anandipatsa dzina loti Mafunso.

Ku ntchito kwathu timakumana Lachitatu m'mawa kuphunzitsana tokhatokha, ndipo kale ine ndinkangosaina n'kumayasamula. Ulendo uno ndinaimirira kutsogolo. Ndinawagwiritsa mikono anzanga onse, ndi alangizi a zaumoyo oyenda m'midzi omwe. Ndinawaphunzitsanso kuti munthu akapotoka kamwa, kapena kufa mkono, kapena kusokonekera mawu, ngakhale zitabwerera mwakale, ameneyo ndi wothamanga naye tsiku lomwelo, osati wodikira mwezi uthe. Nkhani ya foni ya a Nachisale ndi yankho langa lopusa lija ndinainena ndekha pamaso pawo. Mkulu wathu poyamba anadandaula kuti mzere ndi wautali, mphindi ya munthu aliyense tiitenga kuti. Tinagwirizana kuti aliyense wa imvi, wa bipi kapena wa shuga, ndi aliyense amene makina amukana, asatuluke osagwiridwa mkono. Tapeza kale angapo, ndipo tawatumiza kukajambulitsa mtima. Mkulu wathu uja tsopano ndi amene amakalipira aliyense wothamangira mabatire. Agogo a m'midzi akuti pa chipatala pathu anamwino ayamba ulemu, sakuperekanso moni wa chothamanga.

Abambo nawo asanduka dokotala wosalembedwa ntchito. Mapemphero a mphakati akatha amagwira mikono ya madoda anzawo pansi pa mtengo wa mango, maso ali chitsekere, ndipo amene wawakayikitsa amamutumiza kwa ine. Ambiri amapezeka alibe kanthu, koma mmodzi anamupeza ndithu, ndipo sakutimwetsa madzi ndi nkhani imeneyo. Ndikapita kumudzi masiku ano amayamba okha kupinda mkono wa shati ndisanagwade.

Mwezi uno wa Novembala, monga mwa mwambo wa mpingo, tinapita kumanda kukalambula ndi kudalitsa mitumbira. Mwina munationa. Abambo anakana kukwezedwa pa njinga, anayenda okha kuchokera kunyumba, khasu lili paphewa. Pa inu analambula okha, osalola Yohane kuwathandiza, ndipo ine ndinaima chapatali n'kumayang'ana mmene manja awo onse awiri ankagwirira mpini. Atamaliza anavula chipewa n'kuyang'ana kamalo kali pambali panu. Paja inu munabwera chitengwa, manda ndi a kwawo, ndiye kamaloko anauza kale akuluakulu a mudzi kuti n'kawo. Udzu unali utamerapo. Yohane anafunsa ngati alambulepo. Abambo anati, "Pasiye, pamere." Kenaka anayankhula ndi inu, mokweza, anthu onse akumva, ndi dzina lija ankakuitanirani pakhomo. Anati, "Anabanda, ndidali m'njira kubwera, koma mwana wanuyu wandibweza. Mundidikire, ndichedwa." Amayi ena analira, ena anaseka, ine ndinachita zonse ziwiri.

Ndiye mwamva nokha, Amayi. Ngati munawayalira kale mphasa kumeneko, ipindeni muiimike pakona. Ndikudziwa kuti mwawasowa, koma ifenso tikuwafuna, ndipo pa nkhani iyi yokha ndikulimbana nanu mopanda manyazi. Ndikulonjeza kuti adzafika kwa inu mochedwa mmene ndingathere, atakalamba mpaka kutopa nafe, akuyenda ndi miyendo yawo ndi kuyankhula ndi pakamwa pawo. Lachisanu likubwerali ndi tsiku lawo loyezetsa magazi, ndipo ndikawaperekeza ndekha.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka kalekale,
Filomena